Muzu wa Tun Metro

Ine ndine Chilang wa ku Yigo kuno ku chilumba cha Guam, ndipo ngati munandimvapo ndiye kuti munandimva ndikuyankhula ngati munthu wina. Sukulu ndinasiyira panjira. Tsiku lina ndinkatsanzira aphunzitsi a masamu, kalasi yonse ili gadaa ndi kuseka, osadziwa kuti eni mawuwo aima kumbuyo kwanga. Panopa ndimatsuka mbale pa hotela ina kugombe, ndipo kukhitchiniko kulibe bwana amene mawu ake sali m'kamwa mwanga. Koma munthu amene ndimamutha kuposa onse ndi agogo anga, Tun Dometro Quichocho, amalume awo a mayi anga. Kuno aliyense amangoti Tun Metro, poti bambo wachikulire timamulemekeza ndi Tun, mayi ndi Tan.

Mawu awo anali ngati wina akukoka lata pamiyala. Akaitana galu wawo, agalu a mzere wonse ankabwera. Anayendetsa basi ya ana asukulu zaka makumi atatu, ndipo anthu amati hutala ya basiyo inachita dzimbiri chifukwa sankaifuna. Ankangotulutsa mutu pawindo. Koma mukanawafunsa kuti ntchito yawo n'chiyani, za basi sakanatchula n'komwe. Ankati, "Ndine mlimi."

Munda wakewo mukanauona. Kuseri kwa nyumba yawo kuli kamalo koti mutaimika magalimoto atatu kadzadza, ndipo pansi pake ndi thanthwe loyera lokhalokha. Dothi ankachita kutola. Akaona pamene anthu akukumba ngalande, amaima ndi thumba. Tsabola ali m'matayala akale, mabiringanya m'zidebe za penti, nyemba zikukwera pa bedi lachitsulo lopanda matiresi. Chilazi anachibzala mufiriji yakufa imene anaigoneka chagada. Ndiye pakati pa zonsezi alowemo ndi fosiños, khasu lathu lija la mpini wautali kuposa munthu, limene umachita kukankha. Linali la bambo awo. Akakankhira kutsogolo, kumbuyoku mpini wakola chingwe cha zovala.

"Bambo inu, mwagwetsanso malaya anga," ankatero akazi awo, Tan Rufina, ali pawindo la kukhitchini. "Khasu lalikulu kuposa munda, munaliona kuti?"

"Khasu lili bwinobwino ili. Wachepa ndi munda."

"Ndiye gulani laling'ono."

"Ndigule supuni? Iwe Rufina, ukufuna anthu andiseke?"

"Akukusekani kale."

Tsiku lililonse zinali choncho. Namondwe akabwera n'kusesa zonse, matayala kupezeka kwa aneba, bedi la nyemba lili padenga, iwo ankaima pakati pa zinyalalazo manja m'chiuno n'kunena mawu awo amodzimodzi aja: "Nthaka siithawa. Tidzabzala chaka chamawa." Mawu amenewa ndiwo ankandidyetsa nyama pa maphwando. Ndikangoika manja m'chiuno, anthu ayamba kale kuseka.

Munda wawo weniweni uli kumpoto, kuseri kwa mpanda wa waya wa asilikali. Unatengedwa nkhondo yaikulu ija ya dziko lonse itangotha, iwo akadali kumsana kwa mayi awo. Banja linauzidwa kuti lisamuke pang'ono, ntchito ikatha lidzabwerera. Bambo awo anamwalira akunolabe khasu. Kumeneko ndi kumene kunakwiriridwa mchombo wa Tun Metro, ndipo pamalo pomwepo mayi awo anabzalapo mtengo wa lemmai. Zipatso zake amati zinali zazikulu ngati mutu wa mwana, zoti ukawotcha pamoto n'kuthira mkaka wa kokonati suyankha munthu akakuitana. Ine sindinalawepo. Iwonso analawa kangapo chabe, chifukwa mabanja a kumeneko amaloledwa kulowa tsiku limodzi pachaka, m'mawa mpaka masana, msilikali ali pambuyo, ndipo tsikulo siligwirizana ndi nyengo ya zipatso.

Vuto la lemmai ndi lakuti alibe njere. Sungatole chipatso n'kukabzala. Umafukula muzu umodzi umene wayenda pamwamba, kuutema pang'ono ndi chikwanje, kukwirira, n'kudikira miyezi kuti pabalapo patuluke mphukira. Ikafika m'bondo ndi pamene umaidula n'kupita nayo kwanu. Agogo zaka zonsezi sankafuna kuchita zimenezo. Ankati, "Ndisamutsirenji mtengo pamene ine ndi amene ndikubwerera?" Chaka chathachi ndiye anagonja. Anatema muzu, kuzunguliza miyala, n'kubwera kunyumba osadya.

Kenaka zinthu ziwiri zinabwera motsatana. Choyamba matenda a pakhosi. Madokotala anawapulumutsa koma mawu anachotsa, n'kuwasiyira kabowo pakhosi kamene amaphimba ndi kansalu. Mzere wonse unangoti zii, agalu osadziwa kopita. Chachiwiri inali kalata. Inati ulendo wa chaka chino ndi womaliza, malowo akonzedwa kuti asilikali aziphunzirirapo kuwombera.

Loweruka lina ndinapita kukawaona. Ndinawerama kugunditsa mphuno padzanja lawo monga timachitira kwa akulu, iwo n'kundigwira pamkono osandisiya. Anatenga chikatoni chimene amalembapo, n'kulemba zilembo zikuluzikulu zokhota: UKANDIYANKHULIRE.

"Kwa ndani, agogo? Kwa adokotala?"

"Kunkhalango," anatero Tan Rufina. "Akuti eni malo amadziwa mawu a awa okha. Zaka zonsezi wopempha njira ndi awa. Ukapite ndi kamawu kako ka mphaka ako, adzati ndi mlendo."

Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Kwathu kuno sulowa m'nkhalango ngati ukulowa m'sitolo. Makolo akale akadali momwemo, umayamba wapempha. Msuweni wanga Kin anakodzapo pansi pa mtengo osapempha, mwendo unatupa ngati mgolo mwezi wathunthu, ndipo kuchipatala anangomupatsa mapiritsi a mutu.

"Koma agogo, si bodza limenelo? Akadziwa kuti ndine?"

Analemba: NDIDZAIMA PAFUPI.

Ndiye tinayamba sukulu. Masabata atatu ndikaweruka kuntchito ndinkakhala patebulo, iwo atagwira supuni. Ndikalakwitsa, go! patebulo. Ndikafulumira, go! Ndikakometsera kuti Tan Rufina aseke, go go! Anandiphunzitsa ngakhale pokhosomola. Tsiku lina ndinachita bwino mpaka galu wawo anatuluka pansi pa galimoto kuthamangira m'nyumba, kuyang'ana agogo, kuyang'ana ine, n'kukhala pansi atasokonezeka.

"Basi wakhoza," anatero Tan Rufina. "Wapusitsa galu, otsalawo ndi akufa."

Agogo anawaloza ndi supuni.

Tsikulo tinapita awiri pa kagalimoto kawo. Tan Rufina anakana, akuti mawondo, koma ine ndikudziwa kuti sankafuna kuona. Pageti tinapatsidwa msilikali wotiperekeza, mnyamata wa konkuno, dzina lolembedwa pachifuwa Mafnas. Atangoona agogo anavula chipewa, kuwerama n'kugunditsa mphuno padzanja lawo, kenaka n'kuyamba kuwerenga malamulo ali chiyang'anire pansi. Chikwanje chimodzi, cholambulira njira basi. Osatola kanthu. Osatuluka ndi chomera chilichonse kapena dothi. Pofika 12 koloko tikhale titatuluka.

"Nanga matope a kunsapato, achimwene?" ndinamufunsa. "Tikusiyireni pageti?"

"Mlongo, ine ndimangowerenga."

"Mumawerenga bwino. Amayi anu anyadire."

Anatsala pang'ono kuseka, koma anakumbukira yunifolomu.

Tinasiya galimoto pamene msewu wathera. Agogo anatsogola ndi ndodo, ine chikwanje, Mafnas pambuyo. Titafika pamene mitengo ikuluikulu yayambira, agogo anaima, kuvula chipewa, n'kundigunda ndi chigongono. Anaima moyandikira kwambiri mpaka phewa lawo linakhudza langa. Ndinatsitsa mawu mpaka m'mimba.

"Agogo aakazi, agogo aamuna, ndine Dometro, mwana wa Engracia ndi Luis. Ndabweranso. Tipatseni njira tidutse pamalo panu, sitikhalitsa. Inunso mukadzafika kwathu mudzadutse, simudzafunsidwa."

Ndinakhosomola pamalo pake. Kenaka phee. Nkhalango zathu zilibe mbalame, njoka zinamaliza kalekale, ndiye ukayankhula palibe chokuyankha, mawu amangopita. Ndinacheuka, n'kuona Mafnas wavulanso chipewa, tsitsi la pamkono litaima. Agogo anandisisita pamsana kamodzi. Tinalowa.

Njira kunalibe, koma iwo ankaidziwa. Apa ankaloza mulu wa miyala, ndiye panali khitchini. Apo mwala wa dzenje pakati umene mayi awo ankasinjirapo. Tinayenda mwina ola lathunthu, iwo akupuma pafupipafupi, mpweya ukulira pakabowo kaja. Kenaka mtengo uja balamanthu. Waukulu, masamba ngati zikhatho za chimphona, nthambi imodzi itathyoka ndi namondwe wina. Ndinafuna kunena kanthu koseketsa koma ndinaona kumene agogo ankayang'ana.

Pansi ponse panali ngati padutsa thirakitala. Nguluwe. Kuseri kwa wayako palibe amazisaka, ndiye zimaswana ngati nyerere. Miyala ija anazunguliza inali mbwee uku ndi uku. Mphukira inatulukadi, chifukwa kachitsa kake kanalipo, konenepa ngati chala chachikulu, kotafunidwa mpaka pansi. Kanali kasanaume n'komwe. Zinadya mwina sabata yomweyo.

Agogo anakhala pansi pa dothi lofukulidwalo. Anagwira kachitsako, kukasiya, kukagwiranso.

"Nguluwe za boma izi," ndinatero. "Zimadya osalipira msonkho."

Palibe anaseka. Mafnas anayang'ana wotchi, kuyang'ana kumwamba, kenaka ananena motsitsa, "Tun, pepani. Tikapanda kunyamuka pakatha mphindi khumi, geti atitsekera, ndipo ine ndikhala pamavuto."

Njira ina ilipo, ngakhale alimi amati ndi yamwayi. Umadula chidutswa cha muzu weniweniwo, kukachigoneka mumchenga, n'kumathirira mpaka chiphuke. Agogo anakwawa ndi mawondo, kufukula ndi zala muzu wina wonenepa ngati mkono wanga, n'kuyeza kuchokera pachigongono mpaka padzanja. Anatenga chikwanje. Koma chinaphonya n'kungogunda mwala. Anayesanso, chimodzimodzi.

"Bweretsani kuno, agogo, mudzidula."

Ndinalanda chikwanje. Pamene ndimachikweza anandikoka diresi. Ndinacheuka, ndipo ankaloza pakhosi pawo, kenaka mtengo, kenaka pakhosi. Ine m'mutu mwanga munali wotchi ya Mafnas.

"Madzi ali m'chikwama, agogo, dikirani ndimalize."

Kha! Kha! Mbali inayo, kha! Utomoni woyera unatuluka ngati mkaka. Nditadzutsa mutu ndi muzu m'manja, ndikumwetulira ngati ndagwira nsomba, agogo anali atatsinzina. Madzi aja sanamwe.

Tinaukulunga m'tawulo lonyowa. Pageti Mafnas anayenera kuyang'ana m'galimoto. Anatsegula tawulo.

"Ichi n'chiyani, mlongo?"

"Ndodo ya agogo."

"Yafupika bwanji?"

"Eni akenso akufupika chaka ndi chaka."

Anayang'ana agogo, amene ankayang'ana kutsogolo osaphethira. Anakulunganso tawulo bwinobwino, kupinda ndi m'mphepete momwe, n'kumenya denga la galimoto kawiri kuti tizipita.

Ine njira yonse ndinkaimba. Kunyumba tinathira mchenga m'bafa losweka, kuugoneka muzu, kuika pamthunzi wa nthochi. Tan Rufina anatipatsa mpunga wofiira ndi nkhuku, ine n'kuyamba kuwachitira zonse: mmene Mafnas amawerengera malamulo, mmene ndinapemphera njira, ngakhale nguluwe ndinazitsanzira. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi epuloni. Kenaka anafunsa, akuchotsa mbale.

"Njira munapempha. Nanga potenga unati chiyani?"

"Potenga?"

"Podula muzuwo. Unawauza chiyani eni ake?"

Ndinaika supuni pansi. Mwana aliyense wa pachilumba pano amadziwa. Kudutsa umapempha, kutenga umapemphanso, ngakhale tsamba limodzi la mankhwala. Ndinayang'ana agogo. Ankayang'ana mbale yawo. Pamenepo ndi pamene ndinaona chala chija chikuloza pakhosi, mtengo, pakhosi.

"Agogo, bwanji simunandimenye ndi ndodo?"

Anakweza mapewa.

"Tibwerere mawa. Ndikamuchonderera Mafnas."

"Mawa lake liti?" anatero Tan Rufina. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

Ndinayesa. Ndinaimba foni ku ofesi imene inatumiza kalata ija, mayi wina waulemu kwambiri anandiuza kuti ndilembe pempho. Ndinalemba, mnzanga wa kuntchito n'kundikonzera zilembo. Yankho linabwera patatha milungu isanu, lakuti malowo tsopano ndi oopsa kwa anthu wamba. Ndinaganizapo zoimba foni ndi mawu a mkulu wa asilikali, koma sindinamumvepo akuyankhula.

Ndiye Lachiwiri lina, tsiku langa lopuma, agogo anatenga makiyi n'kundikodola. Tinayenda ndi msewu wa m'mbali mwa waya mpaka pamene iwo anaona kuti tayang'anizana ndi mundawo. Kuchokera pamenepo ndi mtunda wautali, sungaone kanthu, mitengo yokhayokha. Koma phokoso linkamveka. Makina achikasu anali atayamba kale, ndipo fumbi loyera linkakwera kuseri kwa mitengo.

Tinaima pa udzu. Anavula chipewa, phewa lawo pa langa. Ndinaika pakamwa pa waya.

"Agogo aakazi, agogo aamuna, ndine Dometro. Tinatenga muzu osapempha. Analakwa ndi mwana, sanadziwe. Tikhululukireni, muuleke umere."

Sindinadzimve ndi ine ndemwe. Ndinabwereza mokweza mpaka kukhosi kunawawa, ndipo pokweza mawu a agogo anathawa, kunatuluka kamawu kanga ka mphaka kaja. Galimoto ina inachepetsa liwiro, anthu kutiyang'ana, n'kupitirira. Agogo anagwira waya ndi zala zonse kwa kanthawi. Kenaka anavala chipewa.

Kuyambira pamenepo moyo wawo unali bafa lija. M'mawa kuthirira, madzulo kuthirira, madzi ake amvula okha, a pampopi ayi. Anazunguliza waya wa nkhuku ngakhale ku Yigo kulibe nguluwe ya m'bafa. Tan Rufina anasamutsa chingwe cha zovala kuti madzi a sopo asadonthere pamenepo, ndipo sananene kanthu za khasu ngakhale kamodzi. Ine ndikabwera ndinkagwada, kuyang'ana mchenga, n'kumanamizira. "Apa pakuoneka ngati patupa, agogo." Iwo ankandiyang'ana ngati mmene ankayang'anira ana onama m'basi.

Aneba awo, bambo wina amene anagwirapo ntchito ya zaulimi, anabwera kudzaona. Anati tisadandaule, mizu yotere theka imakana ngakhale uchite zonse bwino. Mwina mtengo unakalamba, mwina mchenga unali ndi mchere, mwina dzuwa la m'galimoto. Ndinamukonda bamboyo tsiku limenelo. Koma atachoka ndinaona kuti palibe chimene wandichotsera. Iye sanali pansi pa mtengo uja ndi chikwanje m'manja.

Mwezi wachisanu chigonekereni muzu uja uli pakati, ndinawapeza atakhala pa chidebe pafupi ndi bafa, Tan Rufina ataima pambuyo pawo. Anandidikira. Anafukula mchenga ndi zala, kutulutsa muzu, n'kukanda khungwa ndi chikhadabo. Muzu wamoyo mkati umakhala woyera, umalira utomoni. Uwu unali wakuda, wofewa, ndipo chala chinangolowa. Anakanda mbali ina. Chimodzimodzi. Anaununkhiza n'kuubwezera mumchenga, kukwirira bwinobwino ngati mmene unalili.

"Agogo, ndine ndinalakwa."

Anapukusa mutu. Anatenga chikatoni, kulemba, n'kundionetsa. NENA.

"Ndinene chiyani?"

Analoza bafa, n'kuika manja m'chiuno ali chikhalire.

"Akufuna zija amanena namondwe akapita," anatero Tan Rufina. "Bambo inu, musiyeni mwanayu."

Anagogoda chikatoni ndi chala. NENA.

Ndinaimirira. Ndinaika manja m'chiuno, kutsitsa mawu. Anatuluka bwino kuposa tsiku lina lililonse, lata pamiyala, mpaka galu anadzutsa mutu.

"Nthaka siithawa. Tidzabzala chaka chamawa."

Kumpoto kunkamveka mfuti, pha pha pha, pang'onopang'ono ngati wina akukhoma misomali kutali. Zinali zitayamba sabata imeneyo. Tan Rufina analowa m'nyumba. Agogo anagwedeza mutu ngati mphunzitsi amene wakhutira, kudzuka movutikira, kutenga chitini chothirira n'kupita kumatayala a tsabola. Atamaliza, madzi otsala anakathira m'bafa.

Mpaka lero amathira. Mtengo uja ngati ulipo kapena anaugwetsa, palibe angatiuze. Mafnas ndinakumana naye kusitolo, anati kumeneko iyenso saloledwa kufika. Pa maphwando anthu amandikokabe, "Chilang, tachita Tun Metro, ika manja m'chiuno." Ine ndimati kukhosi kwandikanda, n'kuwachitira abwana a kukhitchini. Amaseka ndithu, abwanawo ndimawathanso.